Ndinadzikweza Ntchito Katatu

1

Ndiyambe ndi mlandu wanga. Lachinayi lina, dzuwa lili paliwombo, ndinatseka msewu wa paphiri kwa mphindi makumi anayi. Magalimoto oposa zana anaima. Sindinaledzere. Sindinawodzere. Chinandilakwitsa ndi ulemu.

Dzina langa ndine Layton. Ndinabadwira ku Kawale, m'nyumba ya lendi, ndipo kukhazikika si mbali yanga. Ku Tete ndagulitsako mafoni. Ku Lusaka ndakhalako kondakitala. Ku Francistown anandithamangitsako. Kenako ndinakumana ndi Maness, namwino wa pachipatala china ku Area 25, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwama changa chinagwira fumbi.

Vuto linali amayi ake. Mayi Chilambe sanali apongozi wamba. Anali wachiwiri kwa mkulu wa nthambi ya boma yoona za chitetezo cha pamsewu. Zaka makumi atatu m'boma. Madalaivala a minibasi akangomva dzina lawo ankamanga lamba ngakhale ali pabenchi kudikira tchipisi.

Koma pamwambo anali a ku Dowa enieni. Mkamwini sayang'anana ndi apongozi. Salankhulana nawo mwachindunji. Chinkhoswe chisanachitike, malume anga anandiphunzitsa masiku atatu.

“Ukawaona, patuka. Vula chipewa. Njuta. Yang'ana kumbali.”

“Amalume, zimenezo nza kumudzi.”

Ankandimenya ndi nyuzipepala m'mutu mpaka maondo anga anayamba kupindika okha.

Tsiku la chinkhoswe, mawu a Mayi Chilambe anadzera kwa ankhoswe. “Mwana wangayu ndampereka ndi manja awiri. Umphawi ndipirira nawo. Koma ndikadzamva kuti mwamunayu ndi wabodza, ndidzamtenga ndi manja omwewa.”

Patatha miyezi inayi ndinakwera basi ya ku Joni. Joni sinandikonde. Ndinapitirira mpaka Cape Town. Maness anatsala ndi amayi ake.

2

Ntchito anandipezera ndi Darlington, mnzanga wa ku Mbare ku Harare, amene agogo ake anachokera ku Ntcheu. Kampani ina inkakonza Ou Kaapse Weg, msewu uja wokwera phiri nkutsikira ku Noordhoek. Mbali imodzi anaikumba. Magalimoto ankadutsa mosinthana mbali yotsalayo. Darlington ankaima kumtunda, ine kumunsi. Aliyense ndi chikwangwani chake chapamtengo: kuno kofiira, STOP, kuseri kobiriwira, GO. Pakati pathu panali kona, sitinkaonana. Tinkadalira kawayilesi ka m'manja, kaja timati ova-ova.

“Yomaliza ndi pikapu yoyera, shamwari. Ikakudutsa, tsegula,” ankatero Darlington. Shamwari ndiye kuti mnzanga, m'chilankhulo cha ku Harare.

“Yadutsa. Tseka kwako.”

Basi. Maola asanu ndi anayi. Dzuwa, mphepo, utsi, ndi anthu otukwana m'zilankhulo zitatu.

Sabata yoyamba Maness anaimba. “Amayi akufunsa kuti mwapeza ntchito yanji.”

Ndinamva supuni ikugunda kapu pafupi naye. Apongozi anali pomwepo, khutu lili tcheru.

“Auze kuti ndili ku za chitetezo cha pamsewu.”

“M'boma?”

Apa ndiye panali pa mphambano. Ndinatembenukira kolakwika.

“M'boma.”

Supuni inasiya kulira. Ndinamva mawu okhuthala akuti, “Ehe. Kodi ndi munthu.”

Bodza lili ngati mwana wa mbuzi, silikhala pomwe walimangirira. Chaka choyamba ndinali ofisala. Pa Isitala ndinadzikweza kukhala mkulu wa gulu. Pa Khirisimasi, wachiwiri kwa woyang'anira. Chaka chachiwiri chisanathe ndinali woyang'anira misewu yonse ya kummwera kwa mzinda. Telala wina wa ku Maitland ankandibwereka suti Lamulungu. Ndinkajambulitsa kutsogolo kwa nyumba zagalasi za m'tauni, fayilo m'khwapa, nkhope ya munthu wotopa ndi misonkhano.

Mwambo unkanditeteza. Munthu yekhayo amene akanandigwira ndi mafunso awiri sakanatha kundifunsa mwachindunji.

“Mudhara, wakwezedwanso?” ankatero Darlington pa ova-ova, kunditchula mdala m'chilankhulo chawo. “Dzuwa tikupsa nalo limodzi, koma ukukwera wekha. Ukafika pa unduna undikumbukire. Ndikufuna ambulera basi.”

3

Loweruka lina mu Okutobala ndinkachapa ovolosi pampopi ku Masiphumelele, komwe ndinkachita lendi. Foni inalira.

“Abwana, muli mu ofesi?” anatero Maness.

“Ndili pa kamsonkhano.”

“Ka madzi?”

Ndinatseka mpopi.

“Nkhani ndi ziwiri,” iye anapitiriza. “Yoyamba, amayi akubwera konko sabata inayo. Kuli msonkhano wa akuluakulu a za misewu. Yachiwiri, boma lalengeza mpando wa mkulu wa chitetezo cha pamsewu m'chigawo chapakati. Amayi akuti munthu wa luso ngati lanu asamakalambire dziko la eni. Akufuna mapepala anu. Dzina lawo aliika pansi ngati mboni.”

Munthu wanzeru akanaulula pomwepo, manja ali ndi thovu. Ine ndinaona zina. Nyumba ya boma yokhala ndi mpanda wa maluwa. Galimoto ya nambala ya MG. Dalaivala wonditsegulira chitseko. Anzanga a ku Kawale akusuzumira pageti.

Ndinadziuza kuti ntchitoyo ndingaithe. Kodi sindinaimepo pamsewu zaka ziwiri? Ndani akudziwa khalidwe la dalaivala kuposa ine, amene ndimamuona m'maso akamafuna kundigunda?

Masana omwewo ndinakwera takisi kupita ku Fish Hoek, sitima kupita ku Salt River, ina kupita ku Maitland. M'kasitolo ka makompyuta ndinadzilembera mbiri. Dipuloma. Maphunziro apadera awiri. Kalata yondiyamikira, yosainidwa ndi bwana amene sanabadwepo. Ndinatumiza kwa Maness.

Maness anaimbanso ndisanafike pasiteshoni.

“Mwatumizadi?”

“Eya.”

“Mwawerenga bwinobwino zomwe mwalembazi?”

“Kawiri konse.”



“Chabwino, abwana,” anatero. “Ndiwasindikizira.”

4

Za mpando zinatha. Zinatsala za alendo.

“Uwauze amayi kuti pepani kwambiri,” ndinauza Maness. “Sabata imeneyo ndidzakhala ndikuyendera misewu. Mu ofesi sindidzapezekamo.”

“Ayi, amva. Ntchito ndi ntchito.”

Ndinakapempha tchuthi kwa kapitawo wathu, mzungu wofiira khosi amene ankalankhula ngati akutafuna miyala. Anandifunsa ngati wamwalira wina. Ndinati ayi, kukubwera apongozi. Anaseka mpaka kutsokomola, nkundilozera chikwangwani.

“Ukuopa chiyani, shamwari?” anatero Darlington tikudya buledi pansi pa lole. “Msonkhano uli kudoko, m'hotela za makapeti. Pakati pa iwo ndi iwe pali phiri lathunthu. Mabwana sabwera kuno. Kuno kumabwera fumbi.”

Komabe ndinagula chipewa cha mlomo waukulu ndi magalasi akuda. Lolemba linadutsa. Lachiwiri. Lachitatu ndinalandira chithunzi kuchokera kwa Maness: apongozi ataima pa nsanja, akulankhula pa maikolofoni, kumbuyo kuli mbendera za mayiko. Ndinayankha kuti, “Auze kuti anzanga a ku ofesi akuwayamikira kwambiri.”

Lachisanu apongozi anali oti anyamuka. Kunatsala tsiku limodzi.

5

Lachinayi kunali mphepo ija ya kuno yochotsa munthu chipewa ndi maganizo omwe. Nthawi itangokwana 12 koloko, Darlington analankhula.

“Tseka, mudhara. Ndikutsitsa anga. Kutsogolo kuli lole ya konkire.”

Ndinatembenuzira kofiira kwa anga. Galimoto yoyamba pamzere inali minibasi yoyera ya magalasi oyera, ya alendo. Inaima mwaulemu, mapazi asanu kuchokera pomwe ndinali. Ndinayang'ana dalaivala, monga mwa masiku onse. Kenako ndinayang'ana mpando wa pambali pake.

Duku lobiriwira. Magalasi a m'mphepete mwagolide. Chikwama pamiyendo.

Mayi Chilambe ankandiyang'ana.

Awerengi, ndikulumbira, mutu wanga sunalamule kanthu. Analamula ndi malume anga ndi nyuzipepala yawo. Miyendo inapatuka yokha kukalowa m'ngalande. Dzanja lamanzere linavula chipewa. Maondo anapindika. Ndinanjuta, nkutembenuka kuyang'ana kuphiri monga amachitira mkamwini woleredwa bwino.

Dzanja lamanja linali likadagwira chikwangwani. Nditatembenuka ine, chinatembenuka nacho.

Dalaivala anaona kobiriwira. Ananyamuka. Wachiwiri anatsatira. Wachitatu. Wachisanu ndi chitatu. Ine ndili chinjutire, maso pa udzu, ndikudziyamikira mumtima kuti mwina sanandizindikire.

Kenako ova-ova inakuwa.

“Layton! Watsegula? Watsegulira ndani? Mai-we!”

Mabuleki a lole ya konkire ali ndi kulira kwake. Ndimakumvabe. Kunabwera fungo la matayala opsa, kenako chete wa kamphindi, kenako mahutala onse a dziko lapansi.

Ndinathamangira pakona. Lole ndi minibasi zinali zitayang'anizana ngati atambala. Pakati pake pakanangokwana mkono wanga. Palibe anavulala. Kumtunda mzere, kumunsi mzere, kumanzere dzenje, kumanja thanthwe. Palibe akanapita kutsogolo, palibe akanabwerera.

Chitseko cha minibasi chinatseguka. Nsapato ya chidendene inaponda phula. Maondo anga anapindikanso.

6

Sanandiyang'ane. Anangotambasula dzanja chakumbali, ine nkuikamo chikwangwani.

Zimene ndinaona kenako sindidzaziiwala. Mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, atavala zachitenje zosokedwa bwino, anayenda mpaka kumapeto kwa mzere wa kumunsi. Anaika zala ziwiri m'kamwa nkuimba likhweru loti agalu a ku Noordhoek anayankha. Anayamba kubweza magalimoto, imodziimodzi, kuyambira yomaliza. Bambo wina wa galimoto yaikulu anatulutsa mutu kuti atukwane. Anangomuyang'ana pamwamba pa magalasi. Bamboyo anakweza windo yekha.

Mphindi makumi anayi. Lole inadutsa. Msewu unapuma.

Darlington anasiyira mnzathu wina chikwangwani chake nkutsika akuthamanga. Anandipeza ndili m'ngalande muja, apongozi ataima chapatali pang'ono, atandifulatira.

“Bambo inu,” anatero kwa iye, “ndinu wa kwathu?”

“Wa ku Ntcheu, amayi. Kudzera ku Harare.”

“Mukwanira. Mukhala nkhoswe. Afunseni bambo anjutawo ngati ofesi yawo ndi yomweyi.”

Ndinali mapazi atatu kuchokera pomwe anaima. Darlington anatembenuka ndi nkhope ya m'tchalitchi.

“Mudhara, akuti ofesi yako ndi yomweyi?”

“Auze kuti ndimayendera.”

“Akuti amayendera, amayi.”

“Afunseni ngati oyendera a kuno amavala magolovesi obooka zala.”

“Akuti magolovesi...”

“Ndamva. Auze kuti ndi yomweyi.”

“Wavomera, amayi.”

“Afunseni chomwe anatembenuzira chikwangwani.”

Ndinayankha ndili chinjutire. “Ulemu.”

Apongozi anavula magalasi nkuwapukuta ndi nsonga ya duku. Anawapukuta mobwerezabwereza, ngakhale anali oyera kale. Apa mpamene ndinazindikira kuti nawonso anachita mantha.

“Auzeni kuti m'minibasi muja muli anthu khumi ndi awiri, aliyense ali ndi kwawo. Auzeni kuti ulemu wotere ukanandiperekeza ku Dowa m'bokosi. Pamsewu palibe mpongozi. Pali kofiira ndi kobiriwira, basi.”

Darlington sanabwereze. Panalibe chifukwa.

“Auzeninso kuti ntchito akugwirayi si yochititsa manyazi. Ine ndinayambira pansi pa malole, ndi tochi m'manja, kuyang'ana mabuleki. Chochititsa manyazi ndi ichi.”

Anatulutsa envulopu yakhaki m'chikwama. Mapepala anga.

“Ndikanakapereka Lolemba. Dzina langa lili pansipa, ndasaina kale. Zaka makumi atatu palibe anandiitanapo kukayankha mlandu, ndipo ndatsala ndi ziwiri kuti ndipume. Apatseni. Za Maness ndikalankhula ndi ankhoswe enieni.”

Bambo wina wa tayi anasuzumira pawindo la minibasi. “Amayi, ndiye mkamwini wathu uja ndi ameneyu? Woyang'anira uja?”

“Yemweyo,” anatero apongozi akukwera. “Mwamuona mmene amayang'anira.”

Minibasi itapita, kapitawo anafika. Sanatafune miyala yambiri. Anatenga ova-ova, anatenga chijekete chowala, nkundilozera njira ya ku Masiphumelele.

7

Darlington ataweruka anandipeza pakhomo pa chipinda changa, ndikumudikira ngati ngozi.

“Anawauza ndani?” ndinamufunsa.

“Ukundiyang'ana ine?”

“Alendo opita kukaona nyanja sadzera msewu wokumbidwa. Dalaivala aliyense amauzemba. Wina anawalozera. Amene amadziwa pomwe ndimaima ndiwe.”

“Shamwari, ndakusungira bodza zaka ziwiri popanda ngakhale ambulera. Funsa kwina.”

Tinatsala pang'ono kugwirana m'makolala. Mkazi wake Vongai anatulukira ndi beseni la zochapa, anatiyang'ana, nkubwerera m'nyumba mwachangu chachilendo. Foni yanga inalira. Maness.

“Abwana. Kuyendera kwayenda bwanji?”

“Maness, ndili ndi mawu. Amayi akuuza kale, koma umve kwa ine. Sindili m'boma. Sindinakhalepo m'boma. Ndimagwira chikwangwani.”

“Kumunsi. A Darlington kumtunda.”

Ndinakhala pansi pa sitepe.

“Mukukumbuka chaka chatha foni yanu itagwera m'madzi?” iye anatero. “Munandiimbira pa foni ya mayi Vongai. Nambala ndinasunga. Ndinawaimbira kuwathokoza. Akazi tikathokozana sitithera pomwepo.”

“Chaka chatha? Ndiye wakhala ukudziwa...”

“Kuyambira muli mkulu wa gulu. Ndinkafuna ndione ngati mufike pa unduna. Kuntchito ndikatopa ndinkatsegula zithunzi zanu za suti ya manja aatali ija, nkuseka mpaka odwala kundifunsa.”

“Nanga minibasi?”

“Ndine. Anali ndi masana opuma. Ndinawauza kuti, amayi, akamwini anu akuyendera msewu wa paphiri, dzerani konko muwaone ali pantchito. Dzina la msewu ndinawalembera.”

“Maness! Anthu akanafa!”

“Zimenezo musandipachike nazo.” Mawu ake anasintha. “Ine ndinatumiza maso. Chikwangwani munatembenuza ndinu. Ndalira masana onse, mukudziwa? Amayi anga anali kutsogolo.”

Maness anapitiriza.

“Bodza la suti linali lathu, la m'nyumba. Ndikanalisunga mpaka mutatopa nalo. Koma munatenga dzina la amayi anga nkuliika pansi pa dipuloma ya m'sitolo. Ndinakufunsani kuti mwawerenga? Munati kawiri. Ndinakupatsani sabata ndi theka kuti muulule. Munanditumizira moni wa anzanu a ku ofesi.”

“Bwanji sunangowauza?”

“Mukanakana. Mukanati Vongai ndi wansanje. Mukanabwereka suti ina. Inu, Layton, mumafunika kukugwirani ndi mano m'nyama.”

“Ndiye zatha?”

“Ankhoswe akumana pa 20 Disembala. Amayi akuti anditenga. Mukafuna kumva yankho langa, mubwere mudzalimve nokha. Pa foni ayi. Pa foni mumakwezedwa.”

8

Ndinapita. Masiku atatu pabasi, envulopu yakhaki ili m'thumba.

Anatikhazika pakhonde la malume ake a Maness ku Dowa. Apongozi anakhala kuseri kwa chitseko, mawu awo akutuluka kudzera mwa ankhoswe. Anandilamula kuti nditchule maudindo anga onse, limodzilimodzi, ndi tsiku lomwe ndinadzikweza. Pa udindo wachitatu, malume anga aja anapempha madzi.

Kenako chigamulo chinatuluka kuseri kwa chitseko. “Ndinanena pa chinkhoswe. Mwana wanga abwerere.”

Maness anagwada. Anayang'ana ankhoswe, osati ine.

“Auzeni amayi kuti mawu awo ndawamva. Koma msampha ndinatchera ndine. Nyama yakodwa ndi ya mwini msampha. Sindinavutike chaka chathunthu kuti ndidzaitaye itagwidwa.”

Kuseri kwa chitseko kunamveka kaphokoso. Ena amati chinali chifuwa. Ine ndimati kunali kuseka, koma sindinayang'ane, ndipo sindidzafunsa.

Anandilipiritsa mbuzi. Envulopu ndinaiotcha ndekha pamaso pa onse.

Mpando uja anaupeza mayi wina amene wakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akuyenda msewu wa Chiweta, kuyeza makona ndi kulemba malo omwe malole amagubuduka. Ndinaona chithunzi chake m'nyuzi. Nkhope yopsa ndi dzuwa ngati yanga, kungoti yake inali ndi mapepala enieni.

Awerengi anzanga, makamaka inu muli kunja, a masuti obwereka. Ndikukudziwani. Tinkakumana Lamulungu kutsogolo kwa nyumba zagalasi zija, kudikirana kuti wina amalize kujambulitsa. Sindikulalikirani. Ndingoti mipando ya m'boma ija timaisirira chifukwa cha galimoto ndi geti, koma wokhalapoyo akalakwitsa, maliro amagwa m'midzi ya anthu omwe sanawaonepo. Ine ndinapatsidwa msewu umodzi, mbali imodzi, mitundu iwiri. Ndinalephera chifukwa cha duku lobiriwira. Chigawo chonse ndikanachitani nacho?

Pano ndili ku Area 25. Masana ndimaphunzitsa anthu zikwangwani za pamsewu pa kasukulu kena ka udalaivala. Loweruka ndimakhala pa desiki ndekha, kuphunzira satifiketi yoyamba ya moyo wanga. Mapazi amandiyitanabe. Ndikamva basi ya ku Joni ikuliza hutala, ndimayang'ana kumbali.

Lamulungu lapitali, titatuluka m'tchalitchi, mayi wina wachilendo anatipatsa moni nkufunsa Maness kuti bambowa amagwira kuti.

Ndinatsegula pakamwa. Ndinamva mawu akuti “mkulu” akukwera pakhosi okha.

Maness anandigwira mkono, akumwetulira.

“Afunseni okha, amayi,” iye anatero. “Koma dikirani ndikhale kaye pansi. Ndimafuna ndizimva bwino.”